Kupereka ceftriaxone kudzera mumtsempha: malangizo a pang'onopang'ono

M'mawodi a zipatala zathu muli kabotolo kena kamene namwino aliyense angakazindikire ngakhale pongokakhudza mumdima. N'kagalasi kakang'ono kotsekedwa ndi mphira, ndipo m'kati mwake mumakhala ufa woyera wolemera galamu imodzi. Awa ndi mankhwala a ceftriaxone, amene ambiri tikakhala pantchito timangowadula dzina n'kumati "cef". Anapangidwa ndi kampani ya Hoffmann-La Roche ya ku Switzerland, ndipo anayamba kugwiritsidwa ntchito m'zipatala kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Amapha mabakiteriya powalepheretsa kumanga khoma limene limawateteza, ndipo poti amakhalitsa m'magazi, odwala ambiri amangofunika kubayidwa kamodzi patsiku. Ndiwo atipulumutsira anthu ambiri odwala chibayo chachikulu, matenda oumitsa khosi, tayifodi, komanso amene tizilombo tawalowa m'magazi.

Kuzolowereka kwakeko n'kumene kumandidetsa nkhawa. Chinthu chimene dzanja limachibwereza kambirimbiri m'mawa umodzi, mutu umasiya kuchiganizira, ndipo zolakwika zambiri zimene ndaziona pa mankhwalawa sizinabwere chifukwa cha umbuli koma chifukwa cha phuma. Malangizowa ndalembera anamwino amene angoyamba kumene ntchito, ophunzira a zachipatala, komanso agadiyani amene amafuna kumvetsa zimene zikuchitikira m'bale wawo. Kwa agadiyani ndinene mosapsatira mawu: kudziwa ndondomekoyi si chilolezo chogula kabotolo ku famase n'kukaitana munthu woti adzabaye wodwala kunyumba. Mankhwala olowa mumtsempha amaperekedwa ndi munthu wophunzitsidwa, wolembetsedwa ku Nurses and Midwives Council of Malawi kapena ku Medical Council of Malawi, ndiponso pamalo pamene pali adrenaline, mankhwala opulumutsira munthu amene wawengedwa mwadzidzidzi, ndi okosijeni, chifukwa akangolowa m'magazi palibe njira yowabwezera.

Musanakhudze kabotolo

Yambani ndi kuwerenga zimene dokotala kapena kilinikala walemba m'fayilo: dzina la wodwala, dzina la mankhwala, mlingo wake, kangati patsiku, njira yoperekera ndi masiku ake. Ngati zolembazo sizikuwerengeka, pitani mukafunse mwini wake, chifukwa mayina monga ceftriaxone, cefotaxime ndi cefuroxime amafanana kwambiri akalembedwa mothamanga, pamene mankhwalawo ndi osiyana ndipo milingo yake si imodzi. Mukafika pabedi, musafunse kuti, "Ndinu a uje?" Munthu wofooka amangogwedeza mutu kuvomera chilichonse. Funsani kuti, "Bambo, dzina lanu ndani?" kuti alitchule yekha, ndipo ngati sangathe kulankhula, alitchule gadiyani. Nambala ya bedi musaidalire, makamaka m'wodi yodzaza imene ena agona pamatiresi pansi ndipo odwala amasunthidwa usiku.

Kenako dzifunseni ngati matendawa ndi a mabakiteriya. Ceftriaxone sathandiza chimfine chifukwa chimayamba ndi mavairasi, sapha tizilombo ta malungo, ndipo sachiza chifuwa chachikulu cha TB. Munthu amene thupi latentha ayezedwe malungo. Munthu wa HIV amene akumva mutu kwambiri ndipo khosi lauma akhoza kukhala ndi matenda a cryptococcus, amene ndi a mafangasi ndipo mankhwala ake ndi ena. N'chifukwa chake kutenga madzi a pamsana kuti akayezedwe n'kofunika. Namwino sindiye walemba mankhwalawo, koma ali ndi ufulu wonse wofunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, cef ameneyu tikuchiza chiyani?" Funso limeneli lapulumutsa mabotolo ambiri ndi mitsempha yambiri.

Ngati chipatala chanu chili ndi labu yotha kumeretsa tizilombo, magazi, mkodzo kapena madzi a pamsana atengedwe mlingo woyamba usanaperekedwe, chifukwa mankhwala akalowa kale tizilombo timavuta kumera ndipo zotsatira zimanama kuti mulibe kanthu. Komabe musachedwetse mankhwala podikira zimenezi. Wodwala amene akuganiziridwa kuti ali ndi matenda oumitsa khosi, kapena amene tizilombo tamulowa m'magazi mpaka bipi yatsika, ayenera kulandira mlingo woyamba ola limodzi lisanathe.

Funso la ziwengo ndi limene siliyenera kudumphidwa ngakhale mzere utatalika bwanji. Ambiri sadziwa mayina a mankhwala, choncho funsani m'njira yoti akumbukire zimene zinachitika: "Mayi, munayamba mwabayidwapo jakisoni kapena kumwa mapiritsi n'kutupa nkhope, kutuluka zidzolo kapena kubanika? Alipo mankhwala amene anakuuzani kuti amakuwengani?" Tsegulaninso buku lawo la kuchipatala, muone pachikuto ndi masamba akale. Munthu amene ceftriaxone kapena mankhwala ena a gulu la cephalosporin anamuwengapo asapatsidwenso. Amene penisilini kapena amoxicillin anamubanikitsa, kumutupitsa milomo, kumukomola kapena kumusupula khungu, asapatsidwenso ceftriaxone, ndipo dokotala asankhe mankhwala ena. Ngati zinali zidzolo zochepa chabe zimene zinatha zokha, dokotala ndiye aganize, ndipo akalola, muzikhala pafupi ndi wodwalayo popereka. Funsaninso za mankhwala ena amene akumwa, makamaka warfarin, woletsa magazi kuundana, popeza ceftriaxone akhoza kuwonjezera vuto la kutaya magazi, ndipo mudziwitse dokotala ngati impso ndi chiwindi zonse zili ndi vuto.

Pa makanda m'pofunika kuima kaye. Mwana wakhanda amene ali ndi chikasu asapatsidwe ceftriaxone, chifukwa mankhwalawa amachotsa bilirubin, chinthu chimene chimabweretsa chikasucho, pamalo pamene amagwiririra m'magazi, ndipo bilirubin womasukayo akhoza kukafika ku ubongo n'kuuwononga mpaka kalekale. Chimodzimodzi mwana wobadwa masiku asanakwane, kufikira masabata a mimba ndi a moyo wake ataphatikizana akwane 41. Khanda la masiku 28 kapena kucheperapo limene likulandira madzi okhala ndi kashiamu mumtsempha lisapatsidwe ceftriaxone ngakhale kudzera mu kanula (kapaipi kolowetsedwa mumtsempha) ina. Paja kwa makanda mankhwala oyambira m'zipatala zathu ndi benzylpenicillin ndi gentamicin, ndipo pamene pakufunika a gulu la cephalosporin kwa mwana wachikasu, cefotaxime ndiye woyenera.

Kuwerengera mlingo

Munthu wamkulu kawirikawiri amalandira galamu 1 kapena magalamu 2 kamodzi patsiku, ndipo pa matenda oumitsa khosi amalandira magalamu 2 pa maola 12 alionse. Ana amapatsidwa potengera kulemera kwawo: 50 mpaka 80 mg pa kilogalamu iliyonse kamodzi patsiku pa matenda ambiri, ndi 100 mg pa kilogalamu pa matenda oumitsa khosi, koma osapitirira magalamu 4 patsiku. Buku la Malawi Standard Treatment Guidelines likhale pafupi, ndipo mlingo uliwonse umene ukukukayikitsani muuyerekeze ndi zimene lalemba.

Mwana ayezedwe pasikelo tsiku lomwelo. Kulemera kwa mwezi watha kapena kongoyerekeza ndi maso sikokwanira. Tiyerekeze mwana wa makilogalamu 12 amene walemberedwa 50 mg pa kilogalamu. Mlingo wake ndi 600 mg. Mukasungunula galamu imodzi kuti ikwane 10 ml, mililita iliyonse imakhala ndi 100 mg, kotero mwanayo alandira 6 ml. Mwana yemweyo atakhala ndi matenda oumitsa khosi, mlingo ukhala 1,200 mg, amene ndi 12 ml, kutanthauza kuti mutsegula mabotolo awiri. Lembani masamuwo papepala, ndipo mnzanu wa pantchito awawerengerenso payekha musanamuuze yankho lanu. Ziro mmodzi wosochera amasandutsa mlingo wa mwana kukhala wa munthu wamkulu.

Kukonza zipangizo ndi kusungunula

Sambani m'manja ndi sopo pamadzi oyenda, kapena pakani sanitayiza mpaka aume, ndipo pukutani thireyi ndi sipiriti. Ikanipo kabotolo ka ceftriaxone, madzi osungunulira jakisoni, sirinji yatsopano ya 10 ml, singano yatsopano, sirinji ina ya normal saline (madzi a mchere a diripi) yotsukira kanula, thonje la sipiriti, magolovesi ndi pulasitala. Bokosi lotayiramo singano likhale pamalo oti mkono ufika. Musanachoke, onani ndi maso anu kuti adrenaline alipo m'bokosi la zadzidzidzi ndipo sanathe mphamvu. Musangomva kuti alipo.

Tengani kabotolo muwerenge dzina, kuchuluka kwake ndi tsiku lotha mphamvu. Pali mabotolo a 250 mg, a 500 mg, a galamu 1 ndi a magalamu 2, ndipo ena amafanana msinkhu. Ufa ukhale wouma, woyera kapena wachikasu pang'ono, wogwedezeka momasuka. Ngati wagwirana ngati mchere wonyowa, ngati galasi lang'aluka, kapena ngati chizindikiro chafufutika, kabotoloko kabwezedwe ku famase. Mabotolowa amasungidwa pamalo ozizira bwino, osawombedwa ndi dzuwa, ndipo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala si bwino kuwasiya pawindo kapena m'galimoto.

Chotsani kachivundikiro, pukutani mphira ndi thonje la sipiriti, ndipo dikirani masekondi 30 kuti paume, chifukwa sipiriti amapha tizilombo pamene akuuma. Kokani 10 ml ya madzi osungunulira jakisoni, mubaye pakati pa mphira, ndi kuthira madziwo pang'onopang'ono. Ufawo nawo umatenga malo, choncho makampani ena amalemba kuti muthire 9.6 ml kuti zonse zikwane 10 ml ndendende. Pa mlingo wa mwana wamng'ono kusiyana kumeneku n'kofunika, ndiye werengani kapepala ka m'bokosi. Gwedezani kabotoloko mpaka ufa wonse usungunuke, kenako kakwezeni poyera mukayang'ane. Madziwo akhale oonekera bwino, achikasu chotuwa kapena chofiirira pang'ono ngati tiyi wosalowerera. Mtundu umenewo si vuto. Vuto ndi timibulu toyandama kapena madzi ochita mbuu, ndipo mukaona zimenezo tayani.

Pali cholakwika china choopsa chimene chimachitika pa siteji imeneyi. Ceftriaxone wobaya pamnofu amasungunulidwa ndi lidocaine kuti jakisoni asapweteke kwambiri, ndipo mabokosi ena amabwera ndi kabotolo ka lidocaine m'kati momwemo. Mankhwala osungunulidwa ndi lidocaine asalowe mumtsempha ngakhale pang'ono, chifukwa akhoza kusokoneza kagundidwe ka mtima ndi kukomola munthu. Choncho werengani chizindikiro cha madzi osungunulira monga mmene munawerengera cha ufa, osangothyola kabotolo kalikonse kooneka ngati madzi.

Kokerani mlingo woyenera mu sirinji, tulutsani mpweya, ndipo matani kapepala kolembapo dzina la wodwala, dzina la mankhwala, mlingo ndi nthawi. Chizolowezi chosungunula mabotolo a wodi yonse nthawi imodzi n'kundandalika masirinji opanda mayina pathireyi ndimachidziwa, ndipo ndimamvetsa kuti chimabwera chifukwa namwino mmodzi akusamalira anthu ochuluka. Komabe n'chimene chimachititsa kuti mlingo wa uyu upite kwa uyo. Chabwino n'kusungunula ndi kupereka nthawi yomweyo. Ngati pali chifukwa chosungira, mankhwala osungunulidwa asapitirire maola 6 kunja kwa furiji, kapena maola 24 mu furiji yozizira pakati pa madigiri 2 ndi 8, ndipo akhale olembedwa nthawi imene anasungunulidwa. Musasakanize ceftriaxone mu sirinji imodzi kapena m'thumba limodzi ndi gentamicin, vancomycin, fluconazole kapena mankhwala ena alionse.

Kanula ndi diripi imene ikuyenda

Muuzeni wodwala zimene mukufuna kuchita, ndipo mumupemphe kuti akamva chachilendo chilichonse anene msanga. Valani magolovesi n'kuyang'ana pamene pali kanula. Ngati pafiira, patupa, patentha, pakutuluka mafinya, kapena mtsempha wauma ngati chingwe, kanulayo ichotsedwe ndipo ina iikidwe pamkono wina. Pukutani pakamwa pa kanula ndi sipiriti, dikirani paume, ndipo lowetsani 5 mpaka 10 ml ya normal saline kwa wamkulu, kapena yocheperapo kwa mwana. Madziwo alowe mosavuta. Ngati akulimba, musakankhe mwamphamvu; ngati khungu likufufuma pafupi ndi kanula kapena wodwala akuti pakuwotcha, ndiye kuti kanula yatuluka mumtsempha.

Tsopano kwezani maso muwerenge thumba la diripi limene lapachikidwa. Apa ndi pamene ndikufuna kuti mukhalitse. Ringer's lactate, amene ena amamutcha Hartmann's, ali ndi kashiamu, ndipo ceftriaxone akakumana ndi kashiamu amapanga timiyala ting'onoting'ono tosasungunuka. M'chaka cha 2007 bungwe loyang'anira mankhwala la FDA la ku United States linachenjeza za zimenezi makanda ena atamwalira, ndipo timiyala timeneti tinapezeka m'mapapo ndi mu impso zawo. Kwathu kuno Ringer's ndi madzi amene timapachika kwambiri, kwa otsegula m'mimba, kwa amayi oyembekezera, kwa ochokera ku fiyeta, choncho mpata wa ngoziyi umakhalapo tsiku ndi tsiku.

Usiku wina, pachipatala china chimene ndinkagwirapo ntchito, ndinapeza wophunzira atalumikiza kale sirinji ya ceftriaxone pa paipi ya diripi ya bambo wina wachikulire, chala chili pa chokankhira. Thumba limene linali pamwamba linali la Ringer's, koma chizindikiro chake chinali chitayang'ana kukhoma. Ndinamugwira dzanja, tinatseka diripi, ndipo nditamutengera pambali ndinathira timadzi ta mankhwalawo mu sirinji ina momwe munali Ringer's kuti aone yekha chifukwa chimene ndinamuimitsira. Sanali wophunzira waulesi. Anali atachita bwino zina zonse, koma palibe amene anamuuzapo kuti aziyang'ana m'mwamba.

Ndondomeko yake ndi iyi. Musasungunule ceftriaxone ndi Ringer's, ndipo musamuthire m'thumba la Ringer's. Kwa wodwala woposa masiku 28 amene akulandira Ringer's, tsekani diripi, tsukani kanula bwinobwino ndi normal saline, perekani mankhwala, tsukaninso, ndiye mutsegule diripi. Ngati pali kanula yachiwiri pamkono wina, gwiritsani ntchito imeneyo. Madzi oyenera kusakaniza ndi ceftriaxone ndi opanda kashiamu, monga normal saline kapena dextrose 5%.

Kupereka mankhwala

Pali njira ziwiri. Galamu imodzi kwa munthu wamkulu ikhoza kukankhidwa ndi sirinji, koma pang'onopang'ono kwa mphindi 5, kutanthauza 2 ml pa mphindi iliyonse. Mphindi zisanu n'zazitali kuposa mmene dzanja limaganizira, choncho yang'anani wotchi. Kukankha mothamanga kumawotcha mtsempha, kumachititsa nseru, ndipo ngati mankhwalawo akumuwenga munthuyo mumazindikira onse atalowa kale.

Mlingo waukulu, monga magalamu 2, komanso mlingo wa mwana wa 50 mg pa kilogalamu kapena kuposerapo, ndi bwino uperekedwe pa diripi kwa mphindi zosachepera 30, ndipo kwa khanda limene dokotala walola kuti lilandire, kwa mphindi 60. Thirani mankhwala osungunulidwa kale m'thumba laling'ono la normal saline, litembenuzeni kangapo kuti zisakanikirane, ndipo lembanipo zimene mwathiramo. Kumene kulibe makina oyendetsera diripi, werengani madontho. Paipi wamba imatulutsa madontho 20 pa mililita, choncho 100 ml ndi madontho 2,000, ndipo kuti athe pa mphindi 30 pafunika madontho pafupifupi 67 pa mphindi, kapena kuti dontho limodzi ndi pang'ono pa sekondi. Paipi ya ana imatulutsa madontho 60 pa mililita. Onani pa pepala lake musanawerengere. Kwa mwana gwiritsani ntchito burette, kabotolo koyezera madzi pa paipi ya diripi, ndi madzi ochepa, kuti asalandire madzi oposa amene thupi lake lingathe. Agadiyani auzidwe momveka kuti kagudumu ka diripi si kawo kokhudza, ngakhale ataona ngati ikuchedwa kutha.

Mankhwala akatha, tsukaninso kanula ndi normal saline kuti otsalira m'paipi alowe, tsekani ndi chivundikiro choyera, ndipo limbitsani pulasitala.

Mphindi zoyambirira ndi zimene zingachitike

Pa mlingo woyamba musachoke msanga. Khalani pafupi pamene mankhwala akulowa, ndipo wodwala aonedwe kwa mphindi 30 pambuyo pake. Kumbukirani kuti amene analandirapo ceftriaxone popanda vuto akhoza kuwengedwa ulendo wotsatira. Zizindikiro zoopsa ndi izi: kuyabwa thupi lonse, zidzolo zotukuka, kutupa kwa milomo, lilime kapena zikope, mawu kusasa mwadzidzidzi, kupuma kolira ngati mluzu, thukuta lozizira, chizungulire, ndi kugunda kwa mtima kothamanga koma kofooka. Nthawi zina wodwala amangoti, "Anesi, ndikumva kutentha kukhosi," kapena mwana amayamba kulira mosakhazikika n'kumakanda nkhope. Mawu amenewo musawapeputse.

Mukaona zimenezi, imitsani mankhwala nthawi yomweyo koma kanula musaichotse, fuulani kuti anzanu abwere, ndipo perekani adrenaline wa 1 mg pa mililita pamnofu wa ntchafu, chakunja, pakatikati. Wamkulu ndi mwana woposa zaka 12 alandire 0.5 ml, mwana wa zaka 6 mpaka 12 alandire 0.3 ml, ndipo wa miyezi 6 mpaka zaka 6 alandire 0.15 ml. Ngati pakatha mphindi 5 palibe kusintha, bwerezani. Mugonekeni chagada miyendo itakwezedwa; ngati akubanika kwambiri akhale motsamira, ndipo mayi woyembekezera agonere kumanzere. Musamuimiritse kapena kumuyendetsa. Mupatseni okosijeni ndi normal saline wothamanga pa paipi yatsopano. Hydrocortisone ndi chlorpheniramine, zimene zimaperekedwanso pa ziwengo, si zoyambira. Zimachedwa kugwira ntchito, ndipo mphindi zimene zimatayika pozifunafuna ndi zimene adrenaline akanapulumutsira moyo. Wodwalayo akatsitsimuka, lembani ndi zilembo zazikulu pachikuto cha buku lake la kuchipatala kuti ceftriaxone amamuwenga, muwafotokozere iye ndi abale ake, ndipo lembani fomu yodziwitsa bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Zonse zikayenda bwino, ponyani singano m'bokosi lake osaibwezera chivundikiro, vulani magolovesi, sambani m'manja, ndipo sainani pa tchati nthawi yeniyeni imene mwapereka. Musasaine musanapereke. Ngati mlingo waphonyeka chifukwa kanula inatuluka kapena mankhwala anatha ku famase, lembani chifukwa chake ndi kuuza dokotala. Uperekedwe mwamsanga mpata ukapezeka, koma osaphatikiza milingo iwiri nthawi imodzi.

Masiku otsatira

Mlingo uliwonse uziperekedwa pa ola lomwelo tsiku lililonse, ndipo kanula izionedwa pa shifiti iliyonse. Funsani za chimbudzi. Kutsegula m'mimba pang'ono kumachitika, koma kukakhala kwamadzi kangapo patsiku, kwa magazi, kapena kobwera ndi kupotokola ndi kutentha thupi, kungakhale kwa tizilombo ta Clostridioides difficile timene timachuluka mabakiteriya abwino a m'matumbo akaphedwa. Dokotala adziwe, ndipo musapereke mankhwala oimitsa m'mimba. Ululu wa pansi pa nthiti za kumanja ungasonyeze kuti mankhwala aundana mu ndulu, zimene zimaoneka kwambiri mwa ana olandira mlingo waukulu. Mwana amene wayera manja ndi zikope mwadzidzidzi, mkodzo n'kuda ngati tiyi, akhoza kukhala kuti maselo ofiira a magazi akusweka, ndipo mankhwala aimitsidwe pomwepo. Agogo amene impso zawo n'zofooka akayamba kusokonezeka mutu kapena kugwedezeka thupi, ganiziraninso za mankhwalawa.

Pakatha maola 48 mpaka 72, fayilo ibwerere m'manja mwa dokotala ndi mafunso atatu: kodi wodwala akupeza bwino, kodi zotsatira za ku labu zabwera, ndipo kodi akufunikabe mankhwala a mumtsempha? Amene thupi lazizira, akudya, sakusanza ndipo bipi yakhazikika, kawirikawiri akhoza kusinthidwa n'kuyamba mapiritsi, kanula n'kuchotsedwa, kupatula pa matenda monga oumitsa khosi amene amafuna kumaliza masiku onse kudzera mumtsempha. Amene sakusintha asangowonjezeredwa masiku mwachizolowezi. Mwina pali mafinya ofunika kung'ambidwa, mwina matendawo ndi ena, mwinanso tizilomboto sitikumva mankhwalawa.

Kusamva mankhwala kumeneku si nkhani ya kutali. Kafukufuku wa magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth Central ku Blantyre, amene anachitika mogwirizana ndi bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome ndipo anasindikizidwa m'chaka cha 2017, anaonetsa kuti pofika 2016 tizilombo ta E. coli pafupifupi 30 pa 100 tinali titasiya kumva mankhwala a gulu la ceftriaxone, pamene mu 2003 sitinkakwana ngakhale kamodzi pa 100, ndipo ta Klebsiella tosamva tinali titafika pafupifupi 90 pa 100. Ceftriaxone akalephera, otsala ndi mankhwala monga meropenem, amene ndi okwera mtengo ndipo m'zipatala zambiri za m'maboma sapezeka. N'chifukwa chake bungwe la World Health Organization, m'ndondomeko yake ya AWaRe imene inayamba mu 2017, linaika ceftriaxone m'gulu la Watch, la mankhwala ofunika kuwagwiritsa ntchito mosamala pa matenda osankhidwa okha. Mlingo uliwonse woperekedwa kwa munthu wa chimfine, kapena wopitirizidwa sabata yonse chifukwa palibe amene analemba tsiku loimitsa, umaphunzitsa tizilombo kupirira. Choncho pa tchati pazilembedwa tsiku loyamba ndi tsiku loonanso, ndipo namwino amene waona kuti masiku akwana akumbutse pa raundi.

Pali odwala ena amene amatulutsidwa asanamalize masiku, n'kumabwera m'mawa uliwonse kudzabayitsa. Otere auzidwe ola lobwera ndi masiku otsala, ndipo zilembedwe m'buku lawo. Ngati akupita ndi kanula kunyumba, ikulungidwe ndi bandeji yoyera, isanyowe posamba kapena pochapa, ndipo wina aliyense asaitsegule kapena kulowetsamo kanthu. Ikatuluka yokha, atsindike pabalapo ndi kansalu koyera mpaka magazi asiye, ndipo asayese kuibwezera. Akaona mkono ukutupa kapena kufiira, thupi latenthanso, zidzolo zatuluka, kapena kupuma kwavuta, abwerere kuchipatala nthawi yomweyo, usiku kapena usana, osadikira ola la jakisoni wa mawa. Tsiku la mlingo womaliza kanula ichotsedwe asanatuluke pageti, ndipo namwino aone kuti kapaipi kake katuluka kathunthu.